Khoti la Lolemba la Anambewe

Loweruka lapitali tinali kumanda kukavundukula chiliza cha Anambewe, patatha chaka chiwaikireni. Tinalipo anthu ochepa, mphepo ya ku Lizulu ikutilowa mpaka m'mafupa. Mkulu wa mpingo amene analalikira anati mayiwa anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana ndi mnzake. Ine ndinangoweramitsa mutu kuti anthu asaone nkhope yanga. Ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi chimodzi ngati kalaliki wawo, ndipo ndikhoza kulumbira kuti pa zonse zimene Mulungu anawapatsa, kufatsa panalibe. Pobwerera kunyumba ndinaganiza zolemba za iwo mmene analilidi, anthu asanawasandutse munthu wina.

Anambewe anali ndi ofesi ya chipinda chimodzi kuseri kwa msika. Ntchito yathu inali yolumikiza alimi ndi magalimoto komanso ogula. Mlimi wa ku Mlangeni kapena wa kutsidya kwa malire akakumba mbatatesi yake, kapena kabichi wake akakhwima, ankatumiza uthenga kwa ife. Tinkamupezera lole, n'kuphatikiza matumba ake ndi a anzake kuti galimoto idzaze, kenako n'kumupezera wogula ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Pa thumba lililonse tinkadulapo kangachepe. Matumba onse odutsa m'manja mwathu tinkawasoka ndi ulusi wofiira, ndipo ogula a m'tauni akaona ulusiwo sankavutikanso kumasula thumba kuti aone ngati pansi pabisidwa zoola. Tinali atatu basi: iwo, ine, ndi a Layitoni Ngozo, mng'ono wa malemu amuna awo, amene ankazungulira m'midzi panjinga yamoto kuona mbewu ndi kulemba mayina a alimi.

Munthu akafuna kuwaona atakwiya, ankangowatchula kuti dobadoba. Tsiku lina dalaivala wachilendo analowa osagogoda, chipewa chili kumutu.

"Kodi mayi adobadoba aja ndinu?"

Anambewe sanadzuke. Anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Dobadoba amakupezani panjira, n'kukudyerani, mawa lake simumuonanso. Ine ndili ndi chitseko, ndili ndi mpando, ndipo katundu akaola mukudziwa kondipeza. Tulukani, mugogode."

Bamboyo anatulukadi, n'kugogoda. Anatinyamulira katundu zaka zinayi.

Koma chimene aliyense wowadziwa amakumbukira ndi Lolemba. Lolemba lililonse m'mawa ankatseka chitseko ndi mpiringidzo. Kaya kwabwera mlimi ndi ngolo yodzaza, ankadikira pakhonde mpaka titamaliza. Pakhoma panali bolodi lakuda limene anagula kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito. Ankaima pamenepo ndi choko, ine ndili ndi kope langa, a Layitoni atakhala pa thumba lopanda kanthu pafupi ndi khomo. Tinkayamba ndi matumba amene anyamuka sabata yathayo, kenako amene afika ataola, kenako malole amene achedwa ndi masiku amene achedwa. Mzere womaliza unali wa alimi amene anabwera kwa ife chaka chatha koma chaka chino sanaoneke. Pambali pa chilichonse cholakwika pankalembedwa chifukwa chake. A Layitoni ndi amene anautcha msonkhanowu kuti khoti, ndipo dzinalo linafala mpaka madalaivala ankafunsana pamsewu ngati khoti latuluka.

M'khotimo mawu akuti "kaya" anali oletsedwa. Ukati kaya, ankakuyang'ana mpaka iwe mwini utapeza yankho, kapena kuvomera kuti sunafufuze. Ankakonda kunena kuti bizinesi imaola ngati thumba la mbatatesi, kuyambira pansi, pamwamba pakuoneka bwinobwino, ndipo amene salikhuthula sabata iliyonse amadzadziwa ndi fungo zonse zitatha. Ankatinso munthu amene amangoona mmene zinthu zayendera pakutha pa chaka ali ngati wodwala amene amapita kuchipatala atanyamulidwa pamachira.

Sankaweruza ife tokha. Nthawi ina anasankha lole yotchipa yopanda lona, ndipo mvula inapeza kabichi wa anthu panjira. Lolemba lake analemba okha pabolodi kuti "Anambewe, umbombo," ndipo mawuwo anakhala pamenepo sabata yathunthu, aliyense wolowa akuwawerenga. Mlimi wina atawauza kuti afufute chifukwa zikuchititsa manyazi, anamufunsa ngati manyaziwo akumugwira iyeyo kapena iwo.

Zaka zoyambirira khotilo linkatipindulitsa. Ndi mmenemo tinazindikira kuti tomato wochokera kumadimba ena sapirira ulendo wa ku Blantyre, tinayamba kumutumiza kufupi. Ndi mmenemonso tinagwira dalaivala amene ankatsitsa thumba limodzi paulendo uliwonse. Koma kenako mafoni anafika m'manja mwa aliyense. Mlimi wa matumba zana sankafunikanso kudutsa kwa ife. Ankangoimbira dalaivala, dalaivala n'kuimbira wogula, nkhani yatha. Mzere womaliza uja unayamba kutalika. Unatsika mpaka pansi pa bolodi, Anambewe n'kuyamba kulemba timalemba ting'onoting'ono kuti mayina onse akwane.

Anayesa zambiri, zimenezo ndiwachitire umboni. Anatsitsa kangachepe kathu. Anagula foni yaikulu, mwana wanga n'kuwaphunzitsa kutumiza zithunzi za mbatatesi kwa ogula. Anayamba kuwapezera alimi mbewu ndi matumba. Chilichonse ankachipatsa miyezi itatu, n'kuchiimika pabolodi, ndipo bolodi linkayankha chimodzimodzi. Anzawo amene anali ndi maofesi ngati athu ankangoyenda osawerenga kalikonse, tsiku lina n'kungodzuka atatseka, n'kupita kukalima. Amenewo anagwa kamodzi. Anambewe ankagwa Lolemba lililonse, maso ali gwa pa chinthu chimene chikuwagwetsacho.

Ine ndinatopa nazo. Tsiku lina ali pakati polemba ndinatseka kope.

"Mayi, tikungowerenga zomwezomwezo. Kuwerengaku kwabwezapo mlimi ndi mmodzi yemwe?"

"Amake Yamikani," anatero osatembenuka, "ngati kope likukulemerani, lisiyeni pamenepo muzipita."

Sindinapite, koma masiku awiri sanandilankhule. Zofuna kundiuza ankalemba pakapepala n'kuika patebulo, ngakhale tinali chipinda chimodzi. Tsiku lachitatu ndinapeza kathumba ka mpunga wa kwawo pansi pa mpando wanga. Sanatchulepo kanthu, inenso sindinathokoze. Umo ndi mmene ankapepesera.

Tsiku limene sindidzaiwala linali Lolemba lina m'nyengo yokumba mbatatesi. Atafika pa mzere womaliza analemba mayina asanu, onse a alimi akuluakulu a ku Mlangeni. Anandiuza kuti ndiyang'ane m'makope akale kuti womaliza kuwayendera anali ndani. Ndinawerenga. Onse asanu anali a Layitoni. Zimenezo zokha sizikanadabwitsa, popeza woyenda m'midzi anali iwowo. Koma Anambewe anamasula nsonga ya chitenje chawo n'kutulutsa kachidutswa ka ulusi wofiira, n'kukaika patebulo.

Anafotokoza pang'onopang'ono. Lachisanu lapitalo akuchokera kukagula mchere anapeza lole yaima pamsewu, yodzaza ndi matumba osokedwa ndi ulusi wathu. Loleyo sinadutse ku ofesi. Dalaivala wake, poganiza kuti iwo akudziwa, anawapatsa moni mwansangala n'kuwauza kuti katundu yenseyo akweza ndi alamu awo.

"Alamu," anatero Anambewe, "lole imeneyi ndiilembe pati?"

A Layitoni anayankha akuyang'ana pansi.

"Musailembe."

"Zayamba liti?"

"Chaka chatha, nthawi ngati ino."

"Malole angati?"

"Alamu, simungandifunse chifukwa chake? Mukungofunsa za malole?"

"Chifukwa chili ndi malo ake pabolodi. Tifikako."

Pamenepo a Layitoni anadzuka. Sindinawaonepo akukweza mawu m'chipinda chimenecho, koma tsiku limenelo mpaka anthu a pakhonde anasiya kucheza.

"Ofesi ino inafa kalekale, inu mukungokana kubuma maliro! Alimi amenewa akanachokabe, ine ndikhalepo kapena ndisakhalepo. Ndili ndi ana asanu. Ndimangotola zimene zikugwa pansi."

"Mukutola ndi ulusi wanga."

"Ogula amakhulupirira ulusi wanu. Nanga ine nditani?" Kenako anatsitsa mawu, ndipo zimene ananena motsitsa mawuzo ndi zimene zinapweteka kwambiri. "Ndichotseni ntchito ngati mukufuna. Koma musaiwale kuti dothi mwapondali ndi la kwa Ngozo."

Zinali zoona. Ofesiyo anamanga ndi amuna awo a Anambewe, pamalo a banja la kuchimuna. Chimwalirireni bambowo, Anambewe ankakhalamo chifukwa choti abale akuchimunawo sanafune mkangano, ndipo wolankhulira abalewo anali a Layitoni omwewo. Komanso panalibe wina wodziwa tinjira ta m'mapiri ndi alimi ake ngati iwo. Anambewe mawondo anali atayamba kale kuvuta, sakanatha kukwera njinga yamoto.

Anaima ndi choko m'manja. Ine ndinkangoyembekeza kuti awagenda nacho. Kenako anatembenukira kubolodi, ndipo pambali pa mayina asanu aja, pamalo a chifukwa, analemba dzina la iwo eni, Anambewe, n'kuwonjezera kuti, "Ndinaona, sindinafunse." Anapukuta manja pachitenje.

"Khalani pansi, alamu. Amake Yamikani, werengani za kabichi."

Khoti linapitirira mpaka kumapeto ngati masiku onse.

Kuyambira sabata yotsatira pabolodi panawonjezeka mzere watsopano wolembedwa kuti "Za a Layitoni." Lolemba lililonse ankawafunsa kuti akweza malole angati paokha, iwo n'kuyankha, Anambewe n'kulemba. Sanawalandepo kalikonse, sanawaletsenso ulusi. Ankangofuna kuti chinthucho chinenedwe pakamwa ndi kulembedwa poyera. Poyamba a Layitoni ankayankha mwamwano, kenako motsitsa mutu. Akanatha kungosiya kubwera, koma ankadziwa kuti ogula akamva zoti asiyana ndi Anambewe, ulusi wofiira usanduka ulusi wamba. Anakhala choncho zaka zinayi, ngati mbuzi ziwiri zomangidwa chingwe chimodzi, ina ikafuna kudya uku inzake ikukokera uko. Pamaliro ndi kutchalitchi ankapatsana moni bwinobwino, anthu akunja osadziwa kanthu.

Ndinawafunsapo Anambewe kamodzi, tili awiri, chifukwa chimene amadzizunzira choncho.

"Ndikawachotsa, andichotsa," anatero. "Ndikawasunga, andidya. Ndiye bola ndizidziwa kukula kwa bala."

Kuti munthu amvetse chifukwa chake sanangonyamuka n'kupita, ayenera kudziwa kumene anachokera. Anambewe sanali wa kuphiri kuno. Anabadwira kuchigwa, cha ku Sharpevale, m'banja lolima mpunga, ndipo anabwera kuno ali mtsikana amuna awo atawatenga chitengwa. Kuzizira sanakuzolowere mpaka imfa, ankavala majuzi awiri ngakhale mu Okutobala. Munda umene ukanakhala wawo kwawo kuja unagawidwa kalekale kwa ana a azing'ono awo. Akapitako ankalandiridwa ngati mlendo, kuwaphera nkhuku, tsiku lachitatu n'kuyamba kuwafunsa kuti basi yawo inyamuka liti. Kuno minda ya amuna awo inabwerera kwa eni mbumba. Chimene chinatsala m'manja mwawo ndi kanyumba kogonamo ndi ntchito imene anaiphunzira ataima kumbuyo kwa amuna awo, n'kudzaidziwa kuposa eni akewo.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tadala, ndi namwino ku Blantyre. Iye ankawachonderera chaka ndi chaka kuti atseke azikakhala naye. Chaka china anavomera kukayesa. Anandisiyira makiyi, n'kukwera lole ya kabichi chifukwa ankati basi n'kuwononga. Patatha sabata zitatu, Lamulungu madzulo, ndinawaona akutsika pamsewu ndi chikwama chawo.

"Mayi, mwabwerera? Kwagwanji?"

"Sikunagwe kanthu. Kumeneko ndimadzuka, kusesa posesedwa kale, n'kukhala kuyang'ana geti mpaka mwana abwere. Munthu wondifunsa kanthu palibe. Mwasunga za sabata zitatuzi?"

Mawa lake tinachita makhoti atatu tsiku limodzi.

Komabe pali tsiku limene anatsekadi. Panali patapita zaka ziwiri chichitikireni nkhani ya ulusi ija. Titamaliza khoti, ananyowetsa kansalu n'kupukuta bolodi lonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, chinthu chimene anali asanachitepo. Anandiuza kuti ndiyambe kufunafuna ntchito kwina, ndipo anauza a Layitoni kuti akauze abale kuti pakutha pa mwezi chipinda chawo chibwerera. Tsiku limenelo anaseka nane, anagula mandasi, anandifotokozera mmene ali mwana ankapirikitsira mbalame m'munda wa mpunga. Nkhope inawapepuka moti ndinaona mmene ankaonekera ali mtsikana.

Lachiwiri m'mawa tikulongedza makope, panja panaima ngolo. Anatsikamo Anaphiri, mayi wamasiye wokalamba wa ku Mlangeni, ndi matumba anayi a mbatatesi. Analibe foni, ndipo palibe dalaivala amene angakhotere kumudzi chifukwa cha matumba anayi. Alimi amene anatitsalira anali otero, amasiye ndi nkhalamba za matumba awiri, atatu, amene ntchito yowasonkhanitsira inali yaikulu kuposa phindu lake.

Ndinawafotokozera kuti tatseka. Anaphiri anakhala pakhonde n'kuyamba kumasula mpango.

"Ndiye ndipite kwa anyamata a pamsewu aja? Aja amagula ndi ndowa yoponda, imodzi kulowa ziwiri? Feteleza ameneyu ndinagulitsira mbuzi."

Anambewe anatuluka n'kuima pakhomo. Anayang'ana matumbawo, anayang'ana mayiwo.

"Inu mayi, mwabwereranji lero? Mukanachedwa sabata imodzi ndikanakhala mfulu."

Anaphiri anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Ine sindinaseke, chifukwa ndinkawaona m'maso. Analowa m'kati, anatenga singano ndi ulusi, n'kuyamba kusoka matumbawo okha. Lolemba lotsatira bolodi linalembedwanso, ndipo nkhani yotseka sinatchulidwenso.

Chaka chomaliza miyendo inatupa, ndipo sankathanso kuima nthawi yaitali. Choko chinabwera kwa ine, iwo atakhala pampando akundiuza zolemba. Ndikalemba mokhota ankandifufutitsa. Pa khoti lomaliza tinali ndi alimi asanu ndi anayi okha, ndipo sabata imeneyo sitinakweze lole ngakhale imodzi. Ndinaganiza kuti tingodumpha, popeza panalibe chowerenga. Anakana. Tinadutsa mzere uliwonse, ine ndikulemba kuti palibe, palibe, palibe. Atafika pa a Layitoni anafunsa monga mwa masiku onse.

"Malole awiri, alamu," anayankha a Layitoni.

"Afika bwino?"

"Afika bwino."

"Chabwino. Lembani, amake Yamikani."

Lachitatu lake anagwa akutsegula chitseko cha ofesi, ndipo anamwalira Lachinayi kuchipatala, Tadala ali m'njira. Maliro atatha, Tadala anapereka bolodi ku Sande sukulu, makope n'kundipatsa ine. Alimi asanu ndi anayi aja a Layitoni anawatenga, ndipo ndamva kuti Anaphiri samawadula kalikonse. Nditawafunsa a Layitoniwo ngati n'zoona, anayamba kukamba za mtengo wa petulo.

Titachoka kumanda Loweruka lija, ndinawapempha a Layitoni makiyi a ofesi ija. Anthu angapo akhala akufuna kuchita lendi chipindacho, wina kuti aikemo saluni, wina malo otchajira mafoni, koma a Layitoni amangoti adikire kaye. Loko anali atachita dzimbiri, ndinalimbana naye kanthawi. M'kati mulibe tebulo kapena mpando. Pawindo amata katoni pamene galasi linasweka, ndipo mavu amanga zisa m'mphepete mwa malata. Fumbi lakuta simenti yonse, moti mapazi anga okha ndi amene ankaoneka. Phokoso la msika limamveka ngati likuchokera kutali, ngakhale msikawo uli kuseri kwa khoma. Miyezi ingapo yapitayo a Layitoni anasungamo mbewu ya mbatatesi masiku ochepa, ndipo timbatatesi tina tinagubuduzikira pakona n'kuiwalika. Tafota, takwinyika, koma taphuka. Mphukira zake n'zoyera ndi zoonda, zatambalala pasimenti pouma kulunjika kumpata wa pansi pa chitseko kumene kumalowa kuwala, ndipo zalekezera panjira.